Zizindikilo za Matenda a Kompyuta

Mlimi wanzelu akaona nkhuku imodzi ili ndwii, amaipatula msanga citopa cisanagwile khola lonse. Nzelu yomweyi ifunika kwa aphunzitsi ndi alembi a makopaletivu amene masiku ano asunga maina a anthu ndi ciwelengelo ca ndalama mu kompyuta.

Vailasi ndi pulogilamu yoipa imene imadzibeleka yokha. Ina ya mavailasi oyamba, yochedwa Brain, inacokela mumzinda wa Lahore ku Pakistan mu 1986, ndipo inafalikila pa madisiki obwelekana. Lelo ambili amayendela pa fulashi ndi pa intaneti.

Zizindikilo zake n'zoonekelatu. Kompyuta imene inali yacangu iyamba kucedwa, kapena kuzima yokha. Mafailo asowa, ena akana kutseguka. Zotsatsa malonda zitulukila popanda woziitana. Nthawi zina abwenzi alandila mauthenga amene mwini kompyuta sanalembe.

Kunyalanyaza kumabweletsa tsoka. Mu May 2017, WannaCry inatseka makompyuta m'maiko oposa 150, ndipo zipatala zina ku Britain zinabweza odwala.

Woona zizindikilozi ayenela kucotsa kompyuta pa intaneti, kuleka kubweleketsa fulashi yake, ndi kuyeletsa makinawo ndi antivirus. Manambala acinsinsi awasinthile pa makina ena abwino. Koposa zonse, zolembedwa zofunika zikopedwe ndi kusungidwa padela matenda asanafike, pakuti nkhanga zinapangana kusanapse.