Digiri yachiwiri ya mbiri yakale: mipata ya ntchito njochepa, koma boma likufuna akatswiriwa

Mkangano wa malire a nyanja ya Malawi utabuka mwamphamvu m'chaka cha 2012, dziko lino lidatsamira pa pangano la Heligoland lomwe mayiko a Britain ndi Germany adasainirana mu 1890, lomwe lidaika malire m'mphepete mwa nyanjayi kumbali ya Tanzania. Maloya ndiwo adamveka kwambiri pankhaniyi, koma kufukula mapu ndi makalata a atsamunda, n'kuzindikira yemwe adalemba, nthawi yake ndi cholinga chake, ndi luso la anthu amene adazama pa maphunziro a mbiri yakale.

Ngakhale zili choncho, wogwira ntchito m'boma amene akulingalira zokachita digiri yachiwiri ya phunziroli ayenera kuwerengera bwino asanawononge zaka ndi ndalama zake. Malo amene amafunadi digiriyi ndi owerengeka: kuphunzitsa m'sukulu za ukachenjede, ku nthambi yosunga zikalata zakale ya National Archives ku Zomba, komanso ku nthambi yoona za malo ndi zinthu zakale, yomwe imasamalira malo ngati Chongoni, amene bungwe la UNESCO lidawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Kwa mkulu wa ku nthambi ya zachuma kapena zomangamanga, pepalalo palokha silingamukweze pa udindo.

Phindu lenileni limaoneka pamene maphunzirowa akugwirizana ndi ntchito yomwe munthu ali nayo kale. Bwanamkubwa amene wapatsidwa mkangano wa ufumu amamva mbali ziwiri, iliyonse ikufotokoza mzere wa makolo ake motsimikiza. Nkhani za malo nazonso n'chimodzimodzi, makamaka m'maboma a Thyolo ndi Mulanje komwe minda ya tiyi idayamba nthawi ya atsamunda. Zikalata sizimakwanira nthawi zonse, pakuti moto womwe udatentha maofesi a likulu la boma ku Zomba mu 1919 udawononga zambiri zolembedwa kale, ndipo ntchito yosunga zikalata mwadongosolo idayamba mu 1947. Pamafunika munthu wodziwa kuyerekeza zotsalazo ndi zomwe akuluakulu a m'mudzi akunena, komanso wodziwa zomwe zingapezeke ku London kapena m'mabuku a mamishoni a Livingstonia ndi Blantyre.

Maunduna a maboma aang'ono, zamalo ndi zaubale ndi mayiko ena angapindule posankha okha ogwira ntchito oti akaphunzire, n'kuwapatsa mitu ya kafukufuku yochokera pa milandu yomwe yakhalitsa m'mafayilo awo.