Ligi ya Pac-12 inaphedwa ndi ndalama za pa kanema

Tikayang'ana m'mbuyo pa zomwe zachitika m'masewera a m'mayunivesite ku America kuyambira 2021, tsiku lomwe silingaiwalike ndi 4 Ogasiti 2023. Patsikuli mayunivesite asanu, Oregon, Washington, Arizona, Arizona State ndi Utah, anatsanzika ku Pac-12, ligi imene mizu yake inazikidwa mu 1915. Colorado inali italengeza kale kuti ichoka, USC ndi UCLA zinali zitalengeza chaka chapitacho kuti zikupita ku ligi ya Big Ten. Pasanathe mwezi umodzi, Stanford ndi California nazonso zinalowera ku ligi ya ACC. Mwa masukulu 12 kunatsala awiri okha, Oregon State ndi Washington State, omwe anakathera kukhoti kukalimbirana katundu wa ligi ngati ana amasiye olimbana ndi achibale a malemu.

Gwero la zonsezi ndi lakale. Mu 1984 khoti lalikulu la America linagamula mlandu womwe mayunivesite a Oklahoma ndi Georgia anasumira bungwe la NCAA, ndipo linati bungweli lilibe mphamvu yogulitsa lokha ufulu woulutsa mpira wa chimereka, uja wothamanga mpira uli m'manja. Zotsatira zake n'zakuti lero ligi iliyonse imakambirana yokha ndi makampani a kanema, ndipo sukulu iliyonse imayesedwa ndi chiwerengero cha anthu amene amayatsa kanema timu yake ikamasewera.

Mu 2022 Big Ten inagwirizana ndi Fox, CBS ndi NBC kuti izilandira madola oposa 7 biliyoni pa zaka 7. Ligi ya SEC, yomwe inakopa Texas ndi Oklahoma, ili m'manja mwa ESPN. Ligi ya Big 12 inafulumira kusainirana ndi ESPN ndi Fox Pac-12 ikadali kuzengereza, ndipo pamene atsogoleri a Pac-12 anabweretsa mgwirizano wa Apple, woonetsa masewera pa intaneti ndi ndalama zodalira kuchuluka kwa olembetsa, masukulu anaona kuti nyumba yatha. Atsogoleriwo ali ndi mlandu wawo. Wailesi ya kanema ya ligiyi, yomwe anaikhazikitsa mu 2012, sinafike m'makomo ambiri monga analonjezera.

Koma chimene chikutipweteka ife si kugwa kwa dzina. Ndi mtsikana wosewera volebo ku UCLA amene tsopano amakwera ndege kuchoka ku Los Angeles kupita ku Rutgers ku New Jersey, mtunda wa makilomita pafupifupi 4,000, kenako n'kubwerera kukalowa m'kalasi tulo tili m'maso. Timu ya mpira wa chimereka imasewera kamodzi pa sabata, kawirikawiri Loweruka, ndipo maulendo ake akutali pa chaka ndi owerengeka. Osewera basiketibo, volebo, bezibo ndi mpira wamiyendo amasewera pafupipafupi, nthawi zina pakati pa sabata. Ndalama zomwe zinasuntha masukulu ndi za mpira wa chimereka, koma kutopa kwagwera ena. Stanford ndi California zili m'mphepete mwa nyanja ya Pacific, koma zikusewera mu ACC, ligi yotchedwa dzina la gombe la Atlantic. Makolo amene ankayendetsa galimoto maola ochepa kukaonerera mwana wawo tsopano amamuonera pa foni. Ngakhale mpikisano wa mpira wa chimereka wa Oklahoma ndi Oklahoma State, umene anthu a m'dera limodzi ankaudikira chaka chilichonse, unaima pambuyo pa 2023.

Chabwino chilipo, ndipo tisachibise. Mu Juni 2025 woweruza Claudia Wilken anavomereza mgwirizano wothetsa mlandu wotchedwa House, womwe osewera anasumira NCAA, umene walola sukulu iliyonse kugawira osewera ake madola pafupifupi 20.5 miliyoni m'chaka choyamba. Kwa nthawi yaitali achinyamatawa ankadzaza mabwalo koma malipiro n'kumapita kwa makochi. Kuwapatsa gawo n'chilungamo. Vuto lake n'lakuti ndalamazi zikuwonjezera njala ya masukulu, ndipo sukulu ya njala siikhala pa ligi yosauka.

Kutsogoloku bata kulibe. Mgwirizano wa Big Ten utha mu 2030, wa Big 12 mu 2031. Florida State ndi Clemson zinasumira kale ACC pofuna njira yotulukira, ndipo pamene anagwirizana mu 2025 mtengo wochokera mu ligiyo unayamba kutsika chaka ndi chaka. Pac-12 ikudzukanso mu 2026 ndi masukulu monga Boise State, Fresno State ndi San Diego State, koma kuti idzuke yachita kulanda masukulu a ligi ya Mountain West, zomwezo zimene inachitiridwa.

Chip Kelly, akadali kochi wa UCLA mu 2023, anapereka maganizo akuti mpira wa chimereka upatulidwe, ukhale ndi ligi yakeyake, masewera enawo abwerere kukapikisana ndi masukulu oyandikana nawo. Ife tikugwirizana naye. Akuluakulu a mayunivesite ali ndi zaka zochepa zokha makampani a kanema asanabwerenso patebulo. Achite zimenezi asanasaine pepala lina lililonse.