Phunzirani kugwa musanaphunzire kumenya

Kuno ku Milange ndi kutsidya kwa malire ku Muloza, masiku ano si zachilendo kuona anyamata atasonkhana pabwalo madzulo akuponyerana mateche, wina akudzitcha Bruce Lee, wina Jackie Chan. Ambiri mwa iwo karate yawo anaiphunzira m'nyumba zoonetsera mavidiyo kumsika kapena pa foni ya mnzawo. Nawonso makolo akangomva mwana akuti akufuna kuyamba karate kapena nkhonya amakaniratu, poopa kuti asanduka chimbalangondo cha m'mudzi.

Maganizo anga ndi akuti makolo musamakanize. Masewerawa ndi abwino pa thanzi la munthu. Choyenera kukana ndi kuphunzira mwachisawawa, popanda mphunzitsi wodziwa ntchito yake.

Karate inachokera pachilumba cha Okinawa, ndipo Gichin Funakoshi ndiye anakaionetsa mumzinda wa Tokyo m'chaka cha 1922. Judo inayambitsidwa ndi Jigoro Kano mu 1882 ku Japan komweko. Kano anali mphunzitsi, ndipo ankafuna kuti masewerawa alimbitse matupi a achinyamata ndi kuwongola khalidwe lawo. Mpaka lero wophunzira judo watsopano amayamba ndi kuphunzira kugwa. Amaphunzitsidwa kubweza chibwano pachifuwa kuti nkhongo isamenyetseke pansi, komanso kugwera mkono wonse m'malo motsamira chikhatho, popeza apo m'pamene dzanja limathyokera. Luso limeneli likhoza kupulumutsanso munthu wonyamula matumba a chimanga panjinga tsiku limene wagwa pamsewu wa ku Mocuba.

Zimene timaona m'mafilimu ndi sewero. Anthu aja amagwirizana kaye kuti uyu amenya apa, uyu agwera apo, ndipo amabwereza kambirimbiri asanajambule. Ngakhale zili choncho amavulalabe. Jackie Chan weniweniyo anagwa mumtengo nasweka chibade akujambula filimu m'zaka za m'ma 1980, mpaka anamuchita opaleshoni ya m'mutu. Nanga mwana wa kwathu kuno akatengera zomwezo pabwalo louma gwa, kutali ndi chipatala, zingamuthere bwanji?

Wina anena kuti, "Ife timalima, timapalasa njinga, timatunga madzi kutali. Zolimbitsa thupi n'za anthu a m'tauni." N'zoona kuti mlimi amene amakhalira khasu thupi lake limagwira ntchito yokwanira. Koma pamalire pano moyo wasintha. Alipo ambiri amene amaswera pansi tsiku lonse, ena m'mashopu, ena akusintha makwacha ndi meticais, ena panjinga yamoto kudikira makasitomala. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndipo mwana wa zaka 5 mpaka 17 azichita mphindi 60 tsiku lililonse. Kutero kumathandiza kupewa kuthamanga kwa magazi, matenda a shuga ndi a mtima. Kafukufuku wa mu 2005 anapeza kuti ku Mozambique kuno munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri sankadziwa n'komwe.

Ena amati nkhonya si za atsikana. Amenewa akumbuke kuti mu 2022, pa mpikisano wa dziko lonse wa nkhonya za amayi ku Istanbul, Alcinda Panguana anabweretsera Mozambique mendulo ya siliva, Rady Gramane nabweretsa ya buronzi. Kutsidya ku Malawi, Anisha Basheel anapata lamba wa Commonwealth mumzinda wa London mu 2018. Onsewa linalipo tsiku lawo loyamba, lomwe sankadziwa ngakhale kaimidwe.

Tsono mukapeza kalabu kapena jimu, kaya m'tauni mwathu muno, ku Mocuba, ku Mulanje kapena ku Blantyre, musathamangire kulipira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pitani kaye mukangoonerera tsiku limodzi kapena awiri, ndipo ngati wophunzirayo ndi mwana, kholo lipite naye. Mphunzitsi wabwino amayamba ndi kutenthetsa thupi kwa mphindi khumi kapena kuposerapo. Amaika anthu a msinkhu ndi thupi lofanana pamodzi. Amafunsa ngati wina ali ndi matenda. Salola woyamba kumene kumenyana ndi munthu, ndipo pa miyezi yoyambirira amangophunzitsa kaimidwe, kayendedwe ka mapazi, kudziteteza ndi kumenya thumba. Sabisa kumene iye anaphunzira, ndipo sakana makolo kudzaonerera. Koma mukamva mphunzitsi akuti, "Mwamuna salira, ingopirira," kwinaku mwana akutuluka magazi m'mphuno, tengani mwana wanu muzipita. Chimodzimodzinso amene amafuna kuphunzitsa mtsikana ali yekha, chitseko chili chotseka.

Musanayambe, pitani kuchipatala akakuyezeni BP, makamaka ngati mwapitirira zaka 35. Amene ali ndi mphumu, khunyu kapena vuto la mtima, ndiponso amayi oyembekezera, afunse kaye a zaumoyo. Masiku awiri kapena atatu pa sabata ndi okwanira kwa woyamba. Kuphwanya kwa thupi patatha tsiku limodzi kapena awiri kusakuopseni, kumatha kokha thupi likazolowera. Koma kupweteka kobaya pa bondo kapena pa phewa, kutupa, kupweteka pachifuwa ndi kubanika ndi zizindikiro zoti musiye pomwepo. Tengani botolo lanu la madzi owiritsa kapena othira mankhwala. Ngati thupi latentha, kayezetseni malungo ndipo mupume mpaka mutachira.

Ngozi yaikulu pa zonse ili pamutu. Munthu akamenyedwa mwamphamvu kapena kumenyetsa mutu pansi, ubongo umagwedezeka ngakhale pasaoneke bala. Akayamba kumva chizungulire, mutu waukulu, kusanza, kuiwala zimene zachitika kapena kusinza mosadziwika bwino, asapitirize tsiku limenelo, asasiyidwe yekha, ndipo apite kuchipatala. Kumenyedwanso ubongo usanachire kukhoza kupha. Bala lililonse litsukidwe ndi kumangidwa munthu asanabwerere pabwalo, popeza magazi amafalitsa kachirombo ka HIV ndi matenda a chiwindi. Pewani kubwerekana matawulo kuti musapatsirane zipere.

Pali chinthu china chimene tiyenera kuchinena poyera. Anyamata ena amakatemera mphini za mangolomera kuti nkhonya yawo izilemera. Lumo limodzi likatema anthu asanu, mphamvu sizibwera, chimene chingabwere ndi kachirombo. Chamba ndi kachasu nazonso sizilimbitsa munthu, zimangomuchotsa mantha oyenera ndi kumuchedwetsa kuzinda nkhonya. Mphamvu zimachokera ku nsima, nyemba, nandolo, mtedza, usipa, masamba, tulo tokwanira ndi kuyeserera kosalekeza. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

M'midzi yambiri jimu kulibe, ndipo ndalama yolipira mwezi ndi mwezi si aliyense angaipeze. Apa ndikupempha mafumu, akuluakulu a sukulu, mipingo ndi mizikiti kuti achitepo kanthu. Ngati m'dera lanu muli munthu amene anaphunziradi masewerawa ndipo khalidwe lake mumalidziwa, mpatseni chipinda kapena bwalo losalala, ndipo makolo awiri kapena atatu azisinthana kukhalapo. Pamene palibe mphunzitsi wotere, achinyamata athamange, adumphe chingwe, asewere mpira, koma zomenyana adikire.

Mmera m'poyamba. Mwana amene tsiku lake loyamba waphunzira kupereka ulemu kwa mnzake, kugwa osavulala ndi kuleka akauzidwa kuti leka, ameneyo sadzakhala woyambitsa ndewu pamsika. Makolo, mwana wanu akadzakupemphani, musayankhe msanga kuti ayi. Muuzeni kuti, "Tiye tikamuone kaye mphunzitsiyo."