Magetsi a nthunzi abwere, koma fungo lisatsagane nawo

Magetsi akathima pa boma la Dedza, chigayo chimaima, ometa tsitsi amakhala manja lende ndipo ana asukulu amawerengera kandulo. Gwero la vutoli ndi loti magetsi ambiri m'dziko muno amadalira mtsinje umodzi wa Shire. Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, kuthimathima kudatenga miyezi yambiri.

N'chifukwa chake maso akuloza ku akasupe a madzi otentha monga a ku Chiweta m'boma la Rumphi ndi a ku Nkhotakota. Kutentha kwa pansi pa nthaka kumatulutsa nthunzi yomwe ingathe kuzunguza makina usana ndi usiku, mvula igwe kapena isagwe. Dziko la Kenya lakhala likupanga magetsi otere ku Olkaria kuyambira 1981.

Koma walira mvula walira matope. Nthunziyi imatuluka pamodzi ndi mpweya wa hydrogen sulfide, wonunkha ngati mazira ovunda. Mpweyawu ndi wolemera kuposa mpweya wopuma, choncho umakhazikika m'zigwa. Umayabwa m'maso, umadya mawaya a kopa, ndipo ukachuluka mphuno zimasiya kuumva, munthu n'kukomoka kapena kufa kumene.

Njira zouchotsera zilipo. Ku Hellisheidi m'dziko la Iceland, kuyambira 2014 amausungunula m'madzi n'kuubweza pansi penipeni, komwe umasanduka mwala. Ku The Geysers ku America amausandutsa salufa. Mlimi wa mbatata ya kachewere ku Bembeke amamudziwa kale salufayu: ndi chilembo cha S chomwe chili pa thumba la feteleza wokulitsa.

Malawi sadamange siteshoni ya mtunduwu, ndipo mwayi wake wagona pomwepo. Makina oyeretsera mpweya ngokwera mtengo, kotero kampani yofuna phindu ingathe kunena kuti idzawaika mtsogolo. Boma lisadzalole zimenezi. Bungwe loona zachilengedwe la MEPA lidzaonetsetse kuti mtengo wa makinawa walembedwa mu pulani asanakumbe chitsime choyamba, komanso kuti zotsatira za kupima mpweya zizidzalengezedwa kwa mafumu ndi anthu awo m'chiyankhulo chawo.

Banja la pa Chimbiya likufunadi magetsi osathima. Koma sikoyenera kuti mwana wa ku Chiweta adzatsokomole n'cholinga choti nyale iyake ku Dedza.