Mpando umene kamera sinauone

Kale chithunzi cha kamera chinali mboni. Kuti mpando uoneke papepala, unayenera kuima pamaso pa wojambula monga momwe mmisiri anausiyira. Umboni umenewu ukutha mwakachetechete.

Kampani ya IKEA ya ku Suécia, yogulitsa mipando, matebulo ndi makabati, inkasindikiza chaka ndi chaka katalogo, buku la zithunzi za malonda ake. Mu 2016 inasindikiza mabuku okwana 200 miliyoni. M'katalogo ya 2006 anaikamo mpando wotchedwa Bertil umene sunajambulidwe ndi kamera. Maonekedwe ake, kuwala ndi mthunzi womwe, zonse zinapangidwa pakompyuta, ndipo ogula sanazindikire. Pofika 2014, pafupifupi zithunzi zitatu mwa zinayi za katundu wawo zinali zotero.

Chifukwa chake nchomveka. Kuti ajambule khitchini ndi kamera, ankayenera kutumiza katundu, kuimanga, kuijambula, kenaka kuiphwasula. Anthu a dziko lina akafuna matabwa akuda, a dziko lina oyera, ntchito yonse inkayambiranso. Pakompyuta mtundu umasinthidwa popanda kukhoma msomali.

Sindikunena kuti ananama. Mpandowo unalipo m'maloja awo, ndipo wogula ankatha kuukhalira asanalipire. Nkhawa yanga ili pa wogula wakutali ndi loja, monga ife, amene amaona sofa kapena kabati pafoni, natumiza pa M-Pesa ndalama za chimanga cha chaka chonse. Iyeyu maso ake ndi chithunzicho basi. Kamera nayo inkakometsa, tisaiyese woyera mtima, koma inkakometsa chinthu chimene chinalipo. Kompyuta imaonetsa chinthu monga mwini wake akuchilakalaka: thabwa lopanda mng'alu, nsalu yosakwinyika, mwendo wosapendama. Ndipo luso limeneli lero lili m'manja mwa aliyense, ngakhale amene alibe mpando ndi umodzi womwe wogulitsa.

Lamulo lachisanu ndi chitatu silikhudza pakamwa pokha. Wogulitsa wogwiritsa ntchito chithunzi chotere alembe pansi pake kuti nchopangidwa pakompyuta. Mawu ochepawa samuchotsera phindu ngati katundu wake ndi wabwino. Wogula naye, asanatumize ndalama, apemphe chithunzi china cha katundu yemweyo ali m'loja, wogulitsayo atamugwira ndi dzanja. Wokana pempho laling'ono chotere, ine ndalama yanga sangaione.