Mapaipi awiri a ekizozi: kodi amakweza galimoto pa Khwekhwerere?

Msewu wochoka pa Golomoti kukwera ku Masasa subisa chilema cha galimoto. Pa M5, kuchokera ku Salima kudzera pa Mtakataka ndi Mua, ngakhale Sienta yotopa imayenda monyadira chifukwa dera lake ndi lachidikha. Koma ikangoyamba makona a Khwekhwerere itadzaza anthu, matumba a mpunga ndi madengu a usipa, dalaivala amatsitsa magiya mpaka wani, injini n'kumabangula, liwiro osaoneka. Pamenepa mpamene pamabadwira nkhani imene imamveka m'magalaja ndi kwa owotcherera: akuti galimoto sikupuma bwino, mankhwala ake n'kuiikira mapaipi awiri a ekizozi.

Onena zimenezi sakulota ayi. Injini imakoka mpweya, kuusakaniza ndi mafuta, kuotcha, kenako n'kutulutsa utsi. Utsi ukamachedwa kutuluka, pisitoni imawononga mphamvu poukankha, ndipo mpweya watsopano umalowa wochepa. N'chifukwa chake pa injini zazikulu za V6 ndi V8, zimene masilinda ake ali m'mizere iwiri, kupatsa mzere uliwonse paipi yakeyake kuchokera pa injini mpaka kumbuyo kumawonjezeradi mphamvu, makamaka injini ikamazungulira mothamanga kwambiri. Palinso madalaivala amene amalumbira kuti atasintha ekizozi galimoto yawo inadzuka. Ambiri akunena zoona. Sailensa yopindika pogunda miyala, kapena catalytic converter yotsekeka ndi mwaye, imaitsamwitsa injini, moti paipi iliyonse yatsopano imabweretsa mpumulo. Koma chimene chachiza pamenepo ndi kuchotsa chotsekacho, osati kuchuluka kwa mapaipi.

Tsono tiyang'ane magalimoto amene amakwera phiri limeneli tsiku ndi tsiku. Ambiri ndi ogwiritsidwapo kale ntchito ku Japan, olowa kudzera ku Dar es Salaam ndi pa Songwe: Sienta, Probox, Freed, Vitz. Sienta zambiri zili ndi injini ya 1NZ-FE, ya malita 1.5, masilinda anayi ondondozana mumzere umodzi. Utsi wake wonse umakumana m'paipi imodzi usanachoke n'komwe pa injini. Wowotcherera akadula paipi chakumbuyo n'kuigawa pawiri, utsiwo wadutsa kale monse mmene mukanauchedwetsa. Mwini galimoto wagula maonekedwe ndi phokoso basi.

Chovuta kumvetsa kwa ambiri n'chakuti paipi ikakulitsa imathanso kulanda mphamvu. Alimi a mpunga ku sikimu ya Bwanje amadziwa kuti madzi ochepa amathamanga mu ngalande yopapatiza, koma akafika potakasuka amangoti ndundundu, kuyenda mozengereza. Utsi nawo ndi chimodzimodzi. Umatuluka m'masilinda motsatizana, ndipo chigulu chilichonse chikamathamanga m'paipi ya saizi yoyenera chimasiya kampata kamene kamakoka utsi wa silinda yotsatira. Mukaupatsa malo opitirira muyeso, utsi umazizira msanga, liwiro lake limatsika, kukoka kuja n'kufooka. Zikatero mphamvu yodzukira pansi imachepa, ndipo iyi ndiyo imene dalaivala amaifuna potuluka pa kona yakuthwa galimoto italemedwa. Phindu la mapaipi aakulu limabwera injini ikamazungulira pafupi ndi mzere wofiira wa pa geji yoonetsa kuzungulira kwa injini, kumene munthu wonyamula anthu sayenera kufikako. Ngakhale Land Cruiser V8 zimene amakwera akuluakulu a boma zimachoka ku fakitale ndi paipi imodzi kumbuyo, ndipo sizivutika ndi chitunda.

Nanga bwanji galimoto imafookadi pokwera? Katundu ndiye woyamba, sitingabise. Chachiwiri ndi mpweya weniweniwo. Nyanja ya Malawi ili pamtunda wa mamita pafupifupi 470 kuchokera pa mlingo wa nyanja zazikulu, pamene Dedza boma ili pa mamita pafupifupi 1,600. Kumtunda mpweya ndi wopepuka, ndipo injini yopanda tebo imataya pafupifupi 3 peresenti ya mphamvu zake pa mamita 300 aliwonse imene yakwera. Ndiye kuti galimoto yochoka kuchigwa imafika kumtunda itataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu. Vuto lili polowera mpweya, ndipo palibe paipi ya kumbuyo imene ingalithetse.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mmene ntchitoyi imagwiridwira. Pansi pa Sienta malo ndi ochepa: pali thanki ya mafuta, mapaipi a mabuleki ndi mawaya. Paipi yachiwiri, yotentha, imakakamizidwa kudutsa pafupi ndi zimenezi, kapena imalendewera m'munsi n'kumakhula mahampu ndi miyala ya m'misewu yafumbi yopita kunyanja. Pamene awotcherera mwachangu pakang'ambika, utsi umalowa m'galimoto. M'utsimo muli carbon monoxide, mpweya wosanunkha umene umayamba ndi kupweteketsa mutu ndi kugonetsa tulo, ndipo umapha. Tulo ta dalaivala pa mtsetse wa Khwekhwerere ndi maliro a mudzi wonse. Kawirikawiri catalytic converter imachotsedwanso pa nthawi yomweyo, popeza muli platinum ndi palladium zimene ogula zitsulo amazisaka. Ikachoka, utsi umaipiratu, ndipo sensa ya pa ekizozi ikasokonezedwa kompyuta ya injini imatha kumathira mafuta ambiri. Ndi mmene mafuta akwerera mtengomu, imeneyo ndi ndalama ya ndiwo ikutuluka ngati utsi.

 

Amene ali ndi V6 kapena V8 ya petulo, ndipo apeza makaniko wodziwa kuwerengera saizi ya paipi, mapaipi awiri angamupindulire. Wa dizilo ya tebo angapeze phindu lomwelo ndi paipi imodzi yotakasukirapo pang'ono. Koma mwini Sienta kapena Probox amene akudandaula za Khwekhwerere ayambe watsegula boneti: asinthe eya kilina yodzaza fumbi la chilimwe, aone mapulagi ndi filita ya mafuta, ayezetse ngati catalytic converter yatsekeka, atsuke radiyeta. Ndalama yotsala agulire mabuleki, chifukwa galimoto imene yakwera m'mawa iyenera kutsika phiri lomwelo madzulo itadzazanso.