Gemu si ufiti, koma funsani kuti mwana wagona nthawi yanji

Mayi wina wa kumphakati kwathu anandiimitsa titangotuluka Misa yoyamba, nkhope ili yakugwa. Mwana wake wa Fomu 3 ndi anzake akuti sakukambanso china koma "Witcher", ndipo mlamu wake wodziwa Chingerezi wamuuza kuti dzinalo likukhudza ufiti. "Anesi, kodi mwanayu sanalowe m'gulu?" Mwina funso lomweli lafikanso pakhomo panu, ndiye tiyeni tilione bwino.

Chomwe anyamatawa akuyembekezera ndi gemu yotchedwa The Witcher IV, yomwe ikupangidwa ndi kampani ya ku Poland ya CD Projekt Red. Kakanema koonetsa gemuyi kanatuluka mu Disembala 2024, koma eni ake ananena kuti gemu yeniyeniyo siituluka 2026 isanathe. Nkhani yake inachokera m'mabuku a mlembi Andrzej Sapkowski, ndipo gawo lachitatu linatuluka mu 2015. Mwini nthanoyo, Geralt, ndi mlenje amene anthu amam'lipira kuti aphe zilombo zosautsa midzi. M'gawo likubwerali amene atsogolere ndi Ciri, mtsikana yemwe Geralt anamulera ngati wake. Apa ndi pomwe pagona mkangano: ena akuti zili bwino, ena akuti sangasewere ngati mkazi. Ophunzira anga aamuna nawonso ndinawamva akukangana zomwezi. Ndinangowakumbutsa kuti mawa lake ali ku leba wodi, akaone okha ngati mkazi ndi wopanda mphamvu.

Ambiri mwa ana athu kuno ku Thyolo sadzaigwira n'komwe gemuyi ikadzatuluka, chifukwa imafuna makina okwera mtengo. M'tinyumba ta PlayStation ta pa Bvumbwe, pa Luchenza kapena pa boma, mwana amalipira kuti asewere mpira kapena nkhonya kwa kanthawi. Zinazo amangoonera pa YouTube ndi TikTok, n'kumatsutsana ngati anthu otsutsana za Bullets ndi Wanderers. Kuyembekezerako ndiye chisangalalo chawo.

Tsono za ufitizo. Mpingo umaletsa kuombeza ndi matsenga, ndipo sindikutsutsa zimenezo. Koma kuchita matsenga n'kosiyana ndi kumva nthano yokhala ndi matsenga. Ife tinakula tikumva za zimphona ndi za Napolo wotsika m'phiri la Mulanje, ndipo palibe anasanduka mfiti chifukwa cha nthano za agogo. J.R.R. Tolkien, yemwe analemba The Lord of the Rings, buku lodzaza ndi amatsenga ndi zilombo, anali Mkatolika wokonda Misa kwambiri.

Chimene ndimaopa ine ndi mawu akuti mfiti akagwera pa munthu. Inu amene munali kuno mu 2017 mukukumbukira mphekesera za anamapopa zomwe zinayambira ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, kuno ku Thyolo mpaka ku Blantyre. Anthu osalakwa anaphedwa. Ife azaumoyo tinkaopa kuyenda ndi makina oyezera BP m'chikwama, ndipo amayi ena oyembekezera ankazemba sikelo poopa kutengedwa magazi. Ndinaona mayi akufika mochedwa, magazi atachepa m'thupi, chifukwa cha mantha omwewo. Ku Neno, mu Januwale 2016, agogo anayi anaphedwa atanamiziridwa ufiti mphezi itapha mtsikana. Lamulo la dziko lino la 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Mwana amene mwam'tchula mfiti pamaso pa abale chifukwa cha kanema wa pa foni, dzinalo silim'choka msanga, ndipo sadzakuuzaninso zomwe amaonera.

Sindikunena kuti palibe vuto. Lilipo, kungoti mukuliyang'ana kolakwika. The Witcher 3 inaikidwa chizindikiro cha zaka 18 ku Ulaya chifukwa muli kuphana koonetsa magazi ndiponso zogonana. Imeneyo si ya mwana wa Fomu 3, ndipo muli ndi ufulu wonse wom'kaniza, bola mum'fotokozere chifukwa chenicheni. Nambala ya zaka imalembedwa pa chikuto cha magemu ambiri ogulitsidwa mwalamulo. Iwerengeni.

Kenako pali tulo ndi ndalama. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linavomereza mu 2019 kuti kusewera magemu mosadziletsa ndi matenda, ndipo mndandanda wa matenda womwe muli zimenezi unayamba kugwira ntchito mu 2022. Koma si aliyense wokonda gemu amene akudwala. Akatswiri amayang'ana ngati munthu akulephera kudziletsa, ngati gemu yaposa sukulu, chakudya ndi abale, ndiponso ngati akupitirizabe ngakhale zinthu zikuonongeka, kawirikawiri kwa miyezi 12. Ochita kufika pamenepo ndi ochepa. Omwe ndimawaona kwambiri ndi otopa chabe: wophunzira wosinza m'kalasi chifukwa bandulo ya usiku ndi yotchipa, ndiye wachezera pa foni mpaka atambala kulira. Wachinyamata amafunika kugona maola 8 mpaka 10. Namwino wosagona amawerenga molakwika madontho a dripu, ndipo pamenepo ndimakalipa ndithu.

Inu amene mumadzuka m'mamawa kukathyola tiyi mukudziwa kuti ndalama imachokera pa makilogalamu a masamba omwe mwasenza kumsana. Ngati ndalama ya makope kapena ya chigayo ikuthera pa bandulo ndi kunyumba ya PlayStation, mwana auzidwe mosabisa kuti ola limodzi la gemu ladya dengu lalikulu bwanji.

Mayi uja ndinam'pempha zinthu ziwiri. Foni izigona kuchipinda kwake ikakwana 9 koloko usiku, ndipo akhale pansi ndi mwanayo, am'funse kuti Ciri ndi ndani. Lamulungu lotsatira anandiuza kuti mnyamatayo analankhula pafupifupi ola lathunthu, nsima mpaka kuzizira. Pa nkhani ya foniyo akuti akukanganabe.